Mphini Zitatu pa Dongo

Fumbi la m'nyumba imene mayi Ashdown amagwirira ntchito ndi loyera mbee, ngati pachigayo. Lili pamazenera, lili pazithunzi zimene anajambula ndi penti, lili m'tsitsi mwawo. Kunja mvula ya ku Mangalande ikungowaza, mvula yopanda bingu, yosanunkhira dothi, yosadziwa n'kukata komwe.

Ndakhala pampando uno Loweruka lililonse miyezi itatu, khosi lili gwa, kuti mayi wachingerezi ameneyu, katswiri wojambula ndi kuumba, aumbe mutu wanga ndi dongo. Anandipeza kuchipatala kumene ndimagwira unamwino, nati nkhope yanga yawagwira mtima. Mawa mutuwo upita kokauthira mkuwa, ndipo ukatero sudzasinthikanso.

Lero avundukula nsalu yonyowa imene amafundikira mutu wadongowo. Mphuno ndi yanga, yophwatalala bwinobwino. Mpata wa mano ndi wanga. Koma pafupi ndi khutu, pamene ine ndili ndi mphini zitatu, pali see ngati tsaya la khanda.

"Zipsera zija ndazifafaniza, Tiyanjane," atero mwachifundo. "Sindinafune kuti anthu aziona kupweteka kwanu."

Chifundo chimenechi chandipsetsa mtima. Ndikudziwa kuti si njiru, koma ndakwiya basi. Mphinizi si ngozi. Ndili ndi zaka zisanu mutu unandigwira, m'maso muli bii, ndipo amayi anandibereka kuchokera ku Nsipe wapansi, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili koboo, mpaka kwa sing'anga kuseri kwa phiri. Ndiwo anandigwira mutu lumo likudutsa, akulira kuposa ine. Kaya anandichiritsa ndi mankhwalawo kaya ndi Mulungu, ine namwino sindilimbana ndi munthu. Chimene ndikudziwa n'chakuti amayi anamwalira osajambulitsako chithunzi n'chimodzi chomwe, ndipo chooneka ndi maso chimene anandisiyira n'chimenechi.

Ndiye ndikaime m'holo yoonetsera zoumba ku London zaka zana, alendo akundizungulira, ndili see ngati mwana wopanda mayi ake? Zimenezo ndakana.

Ndanyamuka osapempha. Dongo ndi lozizira, likadali lofewa. Ndalowetsa chikhadabo kamodzi, kawiri, katatu. Mayi Ashdown avala magalasi. Kenaka ayandikira, ayang'ana dongo, ayang'ana ine.

"Yapakatiyo ndi yaitali kuposa apa," atero, n'kundipatsa kampeni kawo.

Akunena zoona. Ndaitalikitsa mpaka pamene lumo linatsetserekera, manja a amayi atanjenjemera.