Ziuli za pa Mtumbira wa Mfumu

"Nkhosa yanga mwaipha ndinu, a Prydderch. Musayang'ane kumbali."

Tegwen anayankhula ataima pamwamba pa mtumbira, mvula ikumuchucha m'tsitsi. A Prydderch, oyang'anira zinthu zakale m'chigawo ichi cha kumalire ndi dziko la Angelezi, anali m'munsi, akusankha poponda kuti nsapato zisade.

Mtumbirawo umadutsa pakati pa busa lomwe Tegwen amachita lendi. Anauumba anthu a mfumu ina zaka zoposa chikwi zapitazo, ati Angelezi adziwe polekezera. Angelezi sanalekeze, koma mtumbira unatsala, ndipo boma linaulemba m'kaundula: osakumba, osazikapo mtengo, osatapapo dothi ngakhale la pa supuni.

Ziuli sizinawerenge kaundulayo. Zinaboola mauna khumi ndi awiri. Tegwen analemba makalata atatu kupempha kuti akwirire. A Prydderch anayankha kuti ziuli si zawo, n'za a zanyama zakutchire. A zanyama anayankha kuti chiuli n'chotetezedwa, ndipo za mtumbira afunse a Prydderch. Zaka ziwiri zinatha choncho. Ndiye mwezi wa Malichi nkhosa yake ya bere la mapasa inathyoka mwendo mu una, dokotala n'kuibaya jekeseni yogonetseratu. Tsiku lomwelo Tegwen anatuta dothi la kukhola n'kutseka mauna onse.

Apa maofesi anadzuka. Sabata isanathe anafika onse awiri, galimoto ziwiri, m'mawa umodzi.

A Prydderch anati za nkhosayo n'zachisoni, koma dothi la kukhola laipitsa mbiri ya dziko. Komabe poti lalowa kale, tsopano ndi gawo la mtumbira, ndipo kulichotsa popanda chilolezo ndi mlandu. Chilolezo chimatenga miyezi itatu.

Mayi Vaughan a zanyama, omwe anagwada pa una wina n'kumanunkhiza, anadzuka n'kunena kuti mauna atsegulidwe pofika Lachisanu, apo ayi nkhani ipita kukhoti. Tegwen ankadziwa kuti mwini malo sasunga mlimi wa mlandu. Khoti likangomugamula, busa lapita.

"Ndiye ndikumbe, ndisakumbe?" anafunsa Tegwen.

Awiriwo anayang'anana mwaulemu. A Prydderch anati aliyense wanena za mbali yake. Mayi Vaughan anavomera, n'kuwonjeza kuti maofesi awo amagwirizana kwambiri. Kenaka anayamba kufunsana za msonkhano wa ku Llandrindod, ngati kudzakhalenso makeke a chaka chatha aja.

"Mfumu yanuyo ikanakhalapo, bwenzi zikopa za ziulizi itasoka zipewa," anatero Tegwen. Palibe anaseka.

Tegwen anatsika, n'kukaimika thirakitala yake pachipata, kutsekereza galimoto zonse ziwiri. Kiyi anaponya m'thumba la jasi, n'kukhala pa tayala.

"Tiyi ndikupatsani, sindine mfiti. Koma pano sipachoka munthu. Lachisanu ndi mkuja. Mmodzi wa inu alembe papepala, asayine dzina lake: ndikumbe kapena ndisakumbe? A Prydderch, tayambani ndinu. Ndiyankheni."