Magazi a Levisoni

Zakeyu Chimphepo analakwira mkazi wake Nabanda chaka cha chisankho, 1994. Ana awo awiri, Mayeso ndi Levisoni, ankamva mawu a anthu osaoneka. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi amodzimodzi. Mayeso anapeza bwino nabwerera kumunda wa fodya. Levisoni mapiritsiwo anangomuumitsa khosi, mawu aja osaleka.

"Mankhwalawa amatsata magazi amene munthu anabadwa nawo," anatero dokotala. "Ngakhale pachibale amasiyana."

Zakeyu anangotolapo za magazizo.

"Iwe Nabanda, ndiye Levisoniyu ngwa yani?"

Anawatula kwawo ku Ntchisi, mayi ndi mwana. M'mawa uliwonse Nabanda amayang'ana nkhungu ikuyandama m'mapiri, Levisoni akucheza chapansipansi ndi alendo ake osaonekawo. Akaseka, amaseka ndendende ngati Zakeyu, bambo ake enieni. Zakeyu sanabwerebe kudzawatenga.