Womasulira Kanema wa Anamapopa

Kanemayo anafika ku Bowe Loweruka masana, m'chaka cha 1971, atapakiridwa kumbuyo kwa galimoto pamodzi ndi jenereta. Woyendetsa anali a Benjamini, alamu ake a Faines, amene anakwatira mkulu wake Lidia. Ntchito yawo inali yozungulira m'masukulu a ku Dowa ndi ku Ntchisi kuonetsa akanema a kampani ina. Tsikulo anatsika atakulunga mpango m'khosi.

"Mkazi wanga wamng'ono, lero undipulumutse," anatero ndi mawu osasa. "Mawu andithera ku Ntchisi. Kanemayu ndi wa Chizungu, akufunika womasulira. Nanga Chizungu chako cha ku koleji ukusungira ndani?"

"Inu alamu, Chizungu munachidziwa liti kuti mawu akuthereni nacho?" anaseka Faines. Komabe anavomera. Anali atangoyamba kumene uphunzitsi, ndipo ankakonda kufunsidwa zinthu zovuta.

Mazenera a kalasi anawatseka ndi ziguduli za fodya kuti mukhale mdima. Pakhomo panaima achinyamata awiri a malaya ofiira akuona makadi a chipani. Kutsogolo, pampando wa ahedi, panakhala a Solomoni, tcheyamani wa chipani m'deralo.

M'kanemamo munali mitundu iwiri ya zilombo. Ena anali azungu otuwa, ovala masuti, okhala m'chinyumba pamwamba pa phiri, ndipo ankamwa magazi a anthu. Ena anali anthu wamba, koma mwezi ukawala ankamera ubweya ndi mano. Faines anawatcha oyambawo anamapopa, enawo afisi, ndipo anthu anamva msanga ngati akuwauza za anansi awo.

Vuto linali lakuti akuluakulu oyeza akanema anali atadulamo paliponse pamene dzino likhudza khosi. Namapopa akangotsegula pakamwa, chithunzi chinkalumpha, mtsikana ali kale m'bokosi. Fisi akangodumpha, kunja kwacha. Anthu anayamba kung'ung'udza. Faines anaona mipatayo ngati mafunso a mayeso, nayamba kudzazamo zake.

"Kodi akumenyeranji?" anafunsa mayi wina kumbuyo.

"Akulimbirana mudziwo," anayankha Faines. "Awa akuti anthuwa ndi athu, awonso akuti ndi athu."

"Nanga eni mudzi ali mbali iti?"

"Eni mudzi safunsidwa, mayi. Kaya apambana ndani, odyedwa ndi omwewo."

Kalasi yonse inafa ndi phwete, ndipo Faines anamva kukoma. Kenaka pachinsalu panaoneka mkulu wa anamapopa akudzaza mabotolo.

"Magazi onsewa akupita nawo kuti?" wina anafunsa.

Mumdimamo mawu a mwamuna anayankha: "Ku Joni."

Masiku amenewo kunali mphekesera yakuti magazi a anthu akugulitsidwa kunja, ndipo oibwereza ankatengedwa osamvekanso. Palibe anaseka. A Solomoni anaimirira, mutu wawo ukutchinga theka la phiri la anamapopa.

"Zimitsani."

Ziguduli zitachotsedwa, dzuwa linapeza aliyense akuyang'ana zala za kumapazi kwake.

"Wanena mawu amenewa ndani?" anafunsa a Solomoni. Kenaka anatembenukira kwa a Benjamini. "Kanema ndi wanu. Ndiye mwatibweretsera zimenezi?"

A Benjamini anatulutsa pepala m'thumba la malaya. Linali lopindidwa bwino, ndipo sanavutike kulifunafuna.

"Bwana tcheyamani, kanemayu boma linamuona, chidindo ndi ichi. Zonse zili m'menemo ndi Chizungu chokhachokha. Ine ndimangoyatsa makina. Chichewa chilichonse chamveka muno sichinatuluke m'makinamu."

"Chatuluka kuti?"

"Womasulira ndi aphunzitsiwa."

Mawu awo anamveka bwinobwino ngati belu la ku tchalitchi. Faines anayang'ana mpango uja, kenaka nkhope ya mwini wake. Nkhopeyo inali kuyang'ana jenereta.

"Koma mawu aja anali a mwamuna," anatero Faines.

"Nkhani ya anamapopa mwaiyambitsa ndinu," anayankha a Solomoni. "Mukafotokozera ku boma."

Galimoto ku Bowe linali limodzi tsikulo. Motero a Benjamini omwewo ndiwo anauzidwa kuti akampereke Faines ku bomako. Achinyamata aja anakwera kumbuyo n'kukhalira mabokosi a kanema. Faines anakhala kutsogolo. Anadutsa minda ya fodya ndi zigafa mpaka msewu unayamba kukwera.

"Ku Ntchisi anamasulira ndani?" anafunsa Faines.

"Mphunzitsi wina."

"Ali kuti?"

A Benjamini anasintha giya, ngakhale panalibe chifukwa.

"Ndili ndi ana anayi, Faines. Ana a mkulu wako. Kanemayu sindinasankhe ndine. Akampani akuti ndimalize masukulu onse, apo ayi ndibweze makiyi."

"Ndiye munawerenga abale onse, n'kuona kuti wosavuta kutaya ndi ine."

"Usatero. Ndiwe mkazi, sakakusunga nthawi yaitali. Zimenezo ndinaziganizira."

Faines anafuna kuseka, koma mseko unakana. Anali atazolowera kukhala woyamba kupeza yankho m'kalasi; lero yankho linamubwerera pagalimoto, litavala mpango, iye n'kulipatsa madzi akumwa.

Madenga a malata a ku boma atayamba kuoneka, a Benjamini anatsokomola, natsitsa mawu kuti a kumbuyo asamve.

"Lachiwiri ndili ku Chisepo. Kulibeko mnzako wodziwa Chizungu kumeneko?"

Analiko Roza, amene ankagona naye chipinda chimodzi ku koleji. Roza ankakonda kuseketsa anthu kuposa Faines.

"Kulibe," anatero Faines. "Ku Chisepo mukamasulira nokha, alamu."

Galimoto linaima pakhomo pa polisi. Faines sanadikire kuti amutsegulire.