Pulopela za a Hezron Chavula

"Zaka makumi atatu akuphunzitsa sayansi, chuma chake n'chimenechi," anatero a Manasseh, akukankha ndi nsonga ya nsapato katoni yodzaza timatabwa tosemasema.

Linali tsiku lachitatu chiikire m'manda mkulu wawo, a Hezron Chavula, pa Nchenachena. Anthu akutali anali atabwerera, mabenchi a tchalitchi atabwezedwa. A Manasseh, amene tsopano anali mutu wa banja, analamula m'mawa umenewo kuti kanyumba ka kuseri katsekulidwe.

M'katimo munkanunkha mafuta a nsatsi. Kudenga kunalendewera tindege tiwiri, mapiko ake otalika ngati mkono wa munthu wamkulu. Pakhoma panali misomali m'mizere, msomali uliwonse ndi pulopela yake: zochepa zapulasitiki, zambiri zosema pamanja, iliyonse yolembedwa manambala ndi pensulo. Pathebulo panali injini yosaposa chibakera cha khanda, yomangidwa pathabwa ndi mabawuti.

Temwa, mwana yekhayo wa malemuwo, namwino wa ku Mzuzu, anaima pakhomo osalowa. Kusukulu anzake ankamutcha mwana wa Wandege. Ankakumbukira Loweruka lililonse bambo ake, munthu wa tayi, mkulu wa mpingo, akuthamanga m'udzu kutsatira chidole, anthu opita kuchigayo ataima pamsewu n'kumaseka. Manyazi amenewo sanamuchoke ngakhale pamaliro.

"Anzawo opuma ntchito anamanga nyumba za lendi ku Boma," anapitiriza a Manasseh. "Iwo ayi. Mzungu wina wa ku Khondowe anawasiyira kainjini pobwerera kwawo, mutu n'kuzungulira mpaka imfa. Taonani uko."

Analoza pazenera. Kumunsi kwa kanyumbako kunali malo okhawo athyathyathya m'munda wonse wa a Chavula. Kwina konse kunali kotsetsereka, kolima munthu atapendekeka. Malo amenewo a Hezron sanabzalepo kanthu. Ankangotchetcha udzu kuti tindege tawo tizinyamukirapo.

"Nthaka yabwino chomene, ya makolo athu, kudyetsa zidole. Mvula ikagwa ndibzalapo khofi. Kanyumba aka tisungiramo feteleza. Zinyalala izi zitenthedwe."

"Musafulumire kutentha, bambo," anatero Bizwick, mwamuna wa Temwa, bambo wa mwana wawo Miriam. Iye anali wa ku Ntcheu, woyang'anira magalimoto ku ofesi ina ya boma ku Rumphi, ndipo chifukwa cha iye banjalo linkayankhula Chichewa akakhalapo. "Ku Lilongwe kuli anthu osowa chochita ngati malemuwa. Injiniyi ndikaijambula pafoni ikulira, wogula apezeka."

"Mungailize?" anafunsa a Manasseh.

Bizwick anaseka. "Ine ndimadzutsa malole akufa. Aka n'kachiyani?"

Anatulutsa thebulo panja. Anathira m'kathanki mafuta a m'botolo, osakaniza sipiriti ndi nsatsi. Kenaka anayang'ana pakhoma n'kusankha pulopela yaikulu kuposa zonse.

"Yaikulu ndiyo imakoka mphepo yambiri. Nzeru zake n'zomwezo."

Anaimanga, analumikiza batire kupulagi ya pamutu pa injini, n'kuyamba kupukusa ndi chala. Kakhumi konse injini inangotsokomola. Kenaka inabwezera pulopela m'mbuyo n'kumumenya pachala. Bizwick analowetsa chalacho m'kamwa, a Manasseh akugwedeza mutu.

Pomaliza inalira, koma molemera, ngati munthu wokwera phiri atasenza thumba. Bizwick anapotokola kasingano ka mafuta kuti akatseke, akufuna liwu lokwera. Injini inakuwa pang'ono, inanunkha chopserera, n'kuzima. Atakhudza pamutu pake anachotsa dzanja msanga.

"Ngakhale kulira sikatha," anatero a Manasseh. "Moyo wonse wa munthu."

"N'kotha ntchito," anatero Bizwick, akubweza foni m'thumba. "Malemuwa ankangodzivutitsa."

"Bambo a Miriam."

Onse anatembenuka. A Lettie, a NyaHarawa, mkazi wa malemuwo, anali ataima pangodya ya nyumba atafunda nsalu yakuda. Chiyambire maliro anali asanatuluke m'chipinda. Aliyense ankadziwa kuti kanyumbako ankakatcha kwa mkazi mnzawo, ndi kuti zaka zonse ankadandaula za malaya othimbirira mafuta. A Manasseh anamwetulira, poganiza kuti wabwera wowathandiza.

"Phokoso lakusokonezani, alamu. Pepani. Tikuchotsa zonsezi lero."

A Lettie anawapitirira n'kukaima pafupi ndi thebulo. Anayankhula ndi mkamwini wawo, maso ali pathebulo, monga mwa ulemu wake.

"Kuntchito kwanu, njinga mumaisenzetsa katundu wa lole?"

"Ayi, amayi."

"Nanga iyi mwaisenzetseranji? Pulopela imeneyo ndi ya injini ina, imene inasweka kale. Chotsani. Temwa, mzere wachiwiri, msomali wachitatu. Yolembedwa seveni ndi folo."

Temwa analowa m'kanyumbamo, koyamba pa zaka zambiri, n'kubwera ndi kapulopela kofiirira, kopepuka ngati tsamba louma.

"Kakang'ono chotere?" anafunsa Bizwick.

"Seveni ndi kutalika kwake. Folo ndi kupendekeka kwa mapiko, mmene imalumira mphepo. Ikaluma kwambiri injini imatopa, imatentha. Kuno n'kumapiri, mphepo ndi yopepuka, injini siikhuta ngati kunyanja ku Chiweta. Mumaipatsa katundu wolingana ndi mpweya wake." Anakhala pampando umene Temwa anawabweretsera. "Ndipo mwaimana mafuta. Mafuta omwewo ndi amene amaiziziritsa. Mukanapitiriza mukanaipha. Dikirani izizire."

Anadikira. A Manasseh anayang'ana wotchi yawo kawiri.

Itazizira, Bizwick atamanga kapulopela kaja, a Lettie anatseka kasingano mpaka kumapeto, n'kukatsekula akuwerenga chapansipansi m'Chitumbuka, kawiri ndi theka. Anatseka kukamwa kwa injini ndi chala, anazunguza pulopela mpaka mafuta ataoneka akukwera m'kapaipi.

"Batire. Ndipo musapukuse ndi chala, pali kamtengo apo. Madokotala ali kutali."

Bizwick anamenya ndi kamtengo kamodzi, kawiri. Injini inadzuka ikubwebweta, ikulavula utsi ndi madontho a mafuta. A Lettie anachotsa batire, anapendeketsa mutu, anatsinzina. Anayamba kutseka kasingano pang'onopang'ono. Kubwebweta kuja kunasanduka liwu limodzi losalala, lokwera, lokwerabe, mpaka udzu wa kuseri kwa thebulo unagona ndi mphepo ndipo nkhuku zinathawira kunkhokwe. Litafika pamwamba penipeni, anabweza kasingano pang'ono. Liwu linatsika pang'ono n'kukhazikika.

"Bwanji mwabweza?" anafunsa Bizwick mokweza mawu. "Inali pabwino."

"Pabwino pa foni yanu. M'mwamba mafuta amachepa okha. Mukaifinya yonse ili pansi, ikazimira kumwamba."

Anaisiya ilire mpaka kathanki kanauma. Itazima, m'makutu mwa aliyense munatsala kulira kwake.

"Munaphunzira liti zimenezi, amama?" anafunsa Temwa.

"Adada ako makutu anafa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ukanamabwera kawirikawiri ukanadziwa. Patelefoni ankangoti yewo, yewo, osamva kanthu. Kutchalitchi ankayang'ana milomo ya abusa." Anapukuta manja pansalu yakuda ija. "Injini imafuna khutu. Anandipempha langa. Iwo ankasema, ine ndinkamvetsera, n'kuwauza kuti iyi yalemera, iyi yapepuka. Manambala aja pakhoma ndi a tonse awiri."

A Manasseh anakonza kukhosi. "N'zabwino, alamu. Koma nkhani ya malo ija ili pomwepo. Nthaka ndi ya a Chavula."

"Ndikudziwa mwini nthaka. Ndinakwatiwa kuno inu mukuvala kabudula." Anawayang'ana koyamba, kuyambira kunsapato mpaka kutayi. "Bzalani khofi wanu. Kuulutsa sindingathe, maso anga saona patali. Koma akulu anu ali moyo munkadya nawo pathebulo limodzi, za malowo osatchula. Mwadikira masiku atatu. Mwapirira chomene."

A Lettie analoza kanyumbako.

"Kanyumba aka feteleza salowamo. Ndipo bambo a Miriam, a ku Lilongwe aja muwauze kuti katundu ali ndi mwini wake."

Bizwick anati wamva. Patapita kanthawi anati akaone madzi a m'galimoto, ndipo a Manasseh anamutsatira, akunena za mtengo wa mbande ngati kuti nkhaniyo anayamba kale.

Anatsala awiri. A Lettie anatenga kansanza n'kuyamba kupukuta injini. Zala zawo zinali zotupa m'mfundo, zopindika ndi nyamakazi, ndipo kansanzako kankawapulumuka. Temwa anagwada kuti awathandize. Pamenepo ndi pamene anaona kuti kumapeto kwa kasingano, pamene panayenera kukhala kawaya kopyapyala, panali kachigwiriro ka mtengo wa mlombwa, kosalala, kokhala ndi timaenje titatu tokhotakhota. Anayesa kuikamo zala zake zowongoka. Sizinakhalemo.

"Anasema kanayi," anatero mayi ake. "Titatu toyamba anataya. Ankati tikundipweteka."

"Munawauza?"

"Akanamva bwanji? Ankangoyang'ana nkhope yanga ndikamapotokola."

Temwa anagwira dzanja la mayi ake n'kuliika pakachigwiriro paja. Chala chachikulu ndi ziwiri zinzake zinalowa m'timaenje mwake, chilichonse pamalo pake.