Bondo la a Mphepo

Chaka chimene makuponi a feteleza anafika mochedwa, chipatala cha mishoni cha kwathu kuno chinayambitsa tsiku la okalamba. Dokotala wa matenda a ukalamba ankachokera ku Lilongwe, kubwera mvula isanagwe, kenaka kudzaonekanso anthu atakolola. Ife a ku Chisemphere, pokhala anthu osasowa chonena, tsikulo tinalitcha sikelo ya agogo.

A Mphepo ankaliyembekezera tsikulo kuposa wina aliyense. Mkodzo unkawavuta. Ankapita kuseri kwa chigafa cha fodya kambirimbiri, n'kuima pamenepo mpaka miyendo kuchita dzanzi, koma chotuluka chinali timadontho. Akazi awo anamwalira kalekale, ana aakazi anakwatiwa kutali, ndipo munthu yekhayo amene anamuululira vutoli anali mwana wawo Esau. Anapangana kuti Esau ndiye adzawaperekeze.

Sabata yomweyo kunamveka kuti feteleza wafika kudepoti, koma ndi wochepa. Amene analipo zaka zimenezo akudziwa: ukachoka pamzere malo ako apita, ndipo kuponi yako isanduka pepala lopichirira fodya. Esau anamanga mphasa panjinga n'kupita kukagona kudepoti, pamodzi ndi mwamuna aliyense wa m'mudzi amene miyendo yake inali yolimba. Ine sindimuimba mlandu. Munda wa pamchenga pano ukapanda feteleza, ndi njala basi.

Woperekeza anatsala mmodzi: Fainala, mkazi wa Esau, mkamwana wa a Mphepo monga timanenera kuno.

Mwambo wathu mbali ino ndi wodziwika. Mkamwana sadya pamodzi ndi apongozi ake aamuna, sawayang'ana kumaso, ndipo akakumana nawo panjira amapatuka n'kugwada. Fainala ankautsata mwambowu osaphonya. Za matendawo ankazidziwa bwino, popeza Esau anamunong'oneza, komanso munthu amene amasesa kuseri kwa chigafa sachita kuuzidwa. Koma kudziwa n'kwina, kunena n'kwinanso.

Anakwera matola, a Mphepo kutsogolo ndi dalaivala, Fainala kumbuyo pamwamba pa matumba. Kuchipatala anapeza khonde litadzaza nkhalamba, ena a shuga, ena a kuthamanga kwa magazi, ena a ng'ala m'maso. Onse anakwera pasikelo ngati makanda, akuseka okha. A Mphepo sanaseke nawo. Anakhala kumapeto kwa benchi, akungosunthasuntha.

Dzina lawo litaitanidwa, Fainala anatsalira pakhomo.

"Ine ndidikira panja pano," anauza namwino.

"Ayi mayi, lowani," anatero namwinoyo. "Pa tsiku la okalamba woperekeza amamvera nawo. Agogowa akakamwa mapiritsi a sabata yonse tsiku limodzi, tidzafunsa ndani?"

Linali lamulo labwino, lopangidwa ndi anthu ofunira okalamba zabwino. Fainala analowa, n'kugwada pafupi ndi chitseko, nkhope atalozetsa kukhoma.

Dokotalayo anali mnyamata waulemu, wodziwa ntchito yake. Anamulozera Fainala mpando, iye n'kuyankha kuti pansi pomwepo pali bwino. Dokotala anangoti ndi manyazi a kumudzi.

"Chakubweretsani n'chiyani, agogo?" anafunsa.

A Mphepo anayang'ana msana wa mkamwana wawo, anayang'ana pansi, kenaka anaika dzanja pabondo.

"Bondo ili, adokotala. Kukazizira limandisautsa."

Silinali bodza lenileni, chifukwa pa msinkhu umenewo bondo lililonse limakhala ndi nyamakazi yake. Dokotala analipinda, analiwongola, n'kulisindikiza ndi chala. Kenaka anafunsa za tulo, za chakudya, za maso.

"Nanga madzi mumataya bwino?" anapitiriza. "Sakuvutani kutuluka? Abambo ambiri a msinkhu wanu zimawachitikira, ndipo timathandiza. Musaope kunena."

"Kumeneko kulibe vuto," anatero a Mphepo.

Dokotala anatembenukira kuchitseko. "Mayi, inu mumakhala nawo. N'zoona zimenezi?"

Fainala anakanda simenti ndi chikhadabo.

"Ine sindingadziwe," anayankha.

"Chabwino. Gonani apa agogo, mumasule lamba ndikugwireni pamimba."

A Mphepo anagwira lamba wawo ndi manja onse awiri. "Pamimba palibe kanthu, mwana wanga. Ine ndadzera bondo."

Panja nkhalamba zinali zikadali zambiri, ndipo galimoto ya dokotala inkayenera kubwerera dzuwa lisanalowe. Mnyamatayo sanakakamize. Anawalembera mafuta opaka ndi mapiritsi ochepetsa ululu, ndipo Fainala anamvetsera malangizo onse mosamala, monga lamulo linkafunira.

Atatsika matola, anayenda wapansi kulowera kumudzi, a Mphepo patsogolo, Fainala m'mbuyo chapatali. Pakati pa minda ya fodya yomwe inali itaundidwa kale mizere, mkuluyo anapatukira m'tchire. Fainala anaima atafulatira. Anadikira, anadikirabe, kenaka anamva apongozi ake akubuula ngati ng'ombe yolemedwa ndi goli.

Mkuluyo atatuluka, thukuta lili kamukamu, Fainala anagwada m'mbali mwa njira. Chikwatiwire chake anali asanawayambepo kulankhula.

"Adada, tibwerere."

A Mphepo anayang'ana kumbali. "Tikatani, amama? Adokotala atiwona kale."

Esau anabwera patapita masiku, matumba awiri ali panjinga, maso ali psuu ndi tulo. Fainala anamufotokozera zonse. Esau anagwira mutu, n'kunena kuti akangomaliza kubzala apita nawo kuboma. Mvula inagwa sabata yomweyo. Atabzala chimanga kunali kuwokera fodya, atawokera kunali kupalira. A Mphepo nawo, poona mwana wawo akuvutika yekha m'munda, ankamuuza kuti akupezako bwino. Tsiku lililonse ankakhala pakhonde n'kumapaka bondo lija mafuta, aliyense akuona.

Khirisimasi itayandikira, mkodzo unatsekeratu ndipo miyendo inatupa. Anawanyamula pangolo. Kuchipatala anawaika kapaipi, madzi n'kutuluka, koma anati impso zawonongeka kale. Sanathe sabata. Nkhani imeneyi imandikwiyitsa mpaka lero, kungoti sindidziwa woti ndimukwiyire.

Pamaliro panafika anthu ambiri, chifukwa a Mphepo anali munthu wosayambana ndi anzake. Woyankhula m'malo mwa banja, a Chikhumbo, msuweni wa malemuyo, anathokoza a mpingo, adzukulu okumba manda, ndi mwini ngolo. Pomaliza anatchula Fainala.

"Mkamwana uyu makolo ake anamulera," anatero. "Atsikana a masiku ano atengerepo phunziro. Zaka zonsezi sanawapeputsepo apongozi ake. Ngakhale kuchipatala, amene analiko akuti anagwada kuyang'ana kukhoma, osatsegula pakamwa mpaka kutuluka."

Amayi anavomereza ndi mitu, ena n'kuwomba m'manja chapansipansi. Fainala, amene chiyambire m'mawa ankalira mwakachetechete monga amayenera kulirira mkamwana, anadzigwetsa pansi n'kukuwa mpaka a kwaya anasiya nyimbo. Panafunika amayi atatu kuti amugwire.

"Ankawakonda apongozi ake," anatero mayi wina pafupi ndi ine.