Chigubu Akadali pa Tebulo

Dzuwa likapendeka, anthu atakhuta, mitu yofuna kumetedwa imasowa. Nthawi imeneyo Wometa ankasesa tsitsi n'kuliunjika kuseri kwa chitseko, ankapukuta makina ndi spiriti, kenako n'kudziponya pa mpando wa makasitomala, foni ili m'manja. Ankasewera poka, njuga ya makadi ya pa intaneti. Mpikisano wake unali wa amphawi. Ndalama yolowera inali yongokwana buledi, aliyense ankapatsidwa matokeni ofanana, ndipo amene matokeni amuthera ankatuluka, mpaka patsale munthu mmodzi.

Pa matebulo ang'onoang'onowo Wometa anali atakula ngati mwana wobwereza kalasi. Ankadziwa amene amaopseza alibe kanthu, ndi amene amathawa akangomva mphepo. Mnzake woyendetsa teksi, amene ankabwera kudzametetsa ndevu zake zowerengekazo, sankamupatsa mpata.

"Aise, ukudikira chiyani? Kwera! Ndalama yolowera mpikisano waukulu uli nayo, mutu uli nawo. Ukufuna umere imvi ukulanda ana maswiti?"

"Nthawi yake sinakwane," ankayankha Wometa, maso ali pa lumo.

Linali bodza la masanasana. Nthawi inali itakwana kalekale, ndipo iye ankadziwa. Chimene chinkamugwira mwendo chinali dzina limodzi pa tebulo paja: Chigubu.

Chigubu anali mkulu wake, wowotcherera zitsulo. Dzinalo inamupatsa ndi mimba yake, ndipo iye analinyamula monyadira mpaka pa intaneti. Ndiye anamuphunzitsa makadi, n'kumuikira lamulo limodzi lokha.

"Usadzakwere usananditulutse ine ndi manja ako," anatero. "Ngati ukumvera chisoni m'bale wako, kumwamba kuja akakudya wamoyo."

Matenda anamutenga Chigubu lamulolo lisanakwaniritsidwe. Anamuika, anthu anabalalika, zitsulo zake anagula ena. Wometa anakhala nthawi osakhudza makadi. Tsiku limene anabwererako, masana ngati onse, ntchentche ikuzungulira pa galasi, anaona dzina likulowa pa mpando woyang'anana naye. Chigubu. Pansi pake panatuluka mawu amene malemuyo ankalemba nthawi zonse akamalowa: "Ndafika, bisani zikwama."

Wometa anadzambatuka pa mpando. Anayang'ana pakhomo, anayang'ana kuseri kwa nsalu yotchinga, ngati kuti munthu wamimba yotero angabisale pamenepo. Dzina lokha akanati mwina wina waliba. Koma kasewero kake! Chigubu akakhala ndi makadi abwino ankadikira mpaka kamzere ka nthawi kafiire, ngati munthu amene wapita kukamwa madzi, kenako n'kuponya zonse, matokeni ake onse pakamodzi. Uyunso ankatero.

Musaganize kuti Wometa anali wopepera. Ankadziwa kuti foni ya malemu inatsala ndi alamu ake, mkazi wa Chigubu. Koma alamuwo anali mayi wa kwaya, amene makadi ankawatchula kuti mapepala a Satana. Kufunsa kunali kosavuta, nyumba yawo inali pafupi, pongoyenda pansi. Sanafunse. Ankaopa yankho, chifukwa yankho lililonse likanamuphera mkulu wake kachiwiri.

Choncho masana aliwonse ankalowa, n'kumayang'ana mndandanda wa mayina mtima uli m'mwamba. Mpikisanowo unali wa anthu ochepa, ndiye ankakumana kawirikawiri. Ena onse ankawameta mpala mopanda chisoni. Koma Chigubu akaponya zonse, Wometa ankataya makadi ake, ngakhale atakhala abwino chotani. Ankaona matokeni ake akutsetsereka kupita kwa wakufayo, ndipo mtima unkakhala pansi. Mawa adzabweranso. Ankadziuza kuti akamutulutsa, adzayenera kukwera, ndipo kumwambako Chigubu sanapondeko. Anali ndi mantha, komanso ankamusowa mkulu wake koopsa, ndipo sankatha kusiyanitsa ziwirizo.

Anayamba kuonda. Tsiku lina anamudula kasitomala khutu chifukwa foni inalira m'thumba. Nthawi zina akamameta munthu wa khosi lonenepa, ankaona ngati khosilo akulidziwa, n'kuimitsa makina.

Masana ena mpikisano uli mkati, nsalu ya pakhomo inagwedezeka. Analowa alamu ake, atanyamula kachikwama, nkhope itatsika.

"Alamu, takulandirani. Kwagwanji?"

"Palibe. Pitirizani zanuzo, ine ndingopuma pang'ono."

Anakhala pa benchi ya odikira, kumbuyo kwake. Wometa anafuna kubisa foni, koma pa tebulo anali atatsala anthu ochepa, Chigubu ali pomwepo, ndipo makadi anali atagawidwa kale. Anasuzumira: mafumu awiri. Makadi otero munthu sataya. Anaika matokeni ake pang'ono, ena onse anathawa, nthawi inafika kwa Chigubu. Kamzere kanayamba kufupika.

Atakweza maso pa galasi, anawaona alamu ake ataweramira foni yosweka pakona. Ankaidziwa foniyo. Inali ya malemu, ndipo inagwa pa chitsulo tsiku lina iye akuona. Chala chawo chinali m'mwamba, chikudikira. Kamzere katafiira, chalacho chinatsika, ndipo foni ya Wometa inanjenjemera m'manja. Chigubu waponya zonse.



"Ndinu?" anafunsa, osatembenuka.

"Mumayesa ndani?" anayankha alamuwo pa galasi pomwepo. "Zaka zonse zija ndikusita zovala, achimwene anu akundilongosolera khadi lililonse, mumati makutu ndinawasiya kutchalitchi?"

"Nanga chifukwa chiyani, alamu?"

"Akudwala paja sankadandaula za zitsulo, kapena za ine. Ankangoti, 'Mwana uja ndamutsekera chitseko. Sanandigonjetse, ndipo ndi mutu wake uja sadzakwera.' Titaika maliro, foni inkalira masana aliwonse kuwaitana. Ndinati ndilowe, mundimenye kamodzi, lamulo lithe. Ndinkayesa ndi ntchito ya sabata imodzi." Anaseka kuseka kopanda mano. "Koma inu! Ndikaponya ndi zinyalala, mukuthawa. Ndikaponya ndi zabwino, mukuthawa. Mukundidyetsa ngati nkhuku yoweta."

Kamzere ka Wometa kanali katayamba kufupika.

"Ndimamva ngati ali moyo," anatero.

"Inenso ndimamva choncho, n'chifukwa chake ndabwera. Ndikalemba mawu awo aja, ndimamva mpando ukulira pamene ankakhala. Ndimaphika za anthu awiri. Kwaya ndinasiya, chifukwa nthawi yophunzira nyimbo ndi yomweyi. Alamu, ndatopa kukhala achimwene anu. Ndikufuna ndikhale wamasiye ngati amasiye ena onse."

Wometa anayang'ana mafumu ake awiri. Akanatha kuwataya, monga mwa masiku onse, ndipo mawa dzinalo likanabweranso. Koma tsopano ankadziwa amene ankalinyamula, ndi kulemera kwake. Kamzere kanafiira. Anatseka maso n'kudina, kuvomera kuika zonse.

Makadi anatembenuka. Chigubu analibe kanthu, timakadi tiwiri tosagwirizana. Makadi a pakati pa tebulo, ogwiritsa ntchito onse, anagwa limodzilimodzi, ndipo palibe limene linamupulumutsa. Matokeni anatsetsereka kubwera kwa Wometa. Dzina lija linazilala, linakhala kanthawi lili lotuwa, kenako pampandopo panangotsala malo.

Alamuwo anapuma mpweya wautali. Anazimitsa foniyo, anaikulunga m'kansalu, n'kuiika pansi penipeni pa chikwama.

"Zikomo," anatero. Malemu ankalembanso choncho akatulutsidwa, koma Wometa sanadziwe ngati iwo anakumbukira zimenezo. Anaimirira, anakonza mpango kumutu, n'kutuluka. Iye anawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo atabwerera anapeza matokeni ake atatha okha pomudikira, poti mpikisanowo umadula ngakhale amene sakusewera. Sanadandaule.

Mawa lake woyendetsa teksi anamupeza akulembetsa mpikisano waukulu.

"Eee, mwana wakula! Chakuluma n'chiyani?"

"Achimwene andilola," anayankha Wometa.

Mnzakeyo anamuyang'ana, kenako anangokhala pa mpando n'kukweza chibwano kuti ametedwe.

Masana atafika, Wometa anasesa tsitsi, anapukuta makina, anakhala pansi. Tebulo latsopanolo linali lofanana ndi lakale, koma anthu ake sankalemba moni, ndipo ankaponya mwachangu ngati akuthamangira basi. Mndandanda wa mayina unali wautali, onse achilendo. Anauwerenga mpaka pansi, ngakhale ankadziwa bwino lomwe kuti foni ija ili m'kansalu. Atafika kumapeto, chala chake chinabwerera pamwamba n'kuyambiranso.