Mthiko wa M'poto

Phuma anasenda maapozi khumi ndi awiri ali chiimire, jasi la kuntchito asanavule n'komwe. Dzina limeneli anam'patsa ndi amayi ake ali wamng'ono, poti chilichonse ankachichita ngati wina akumuthamangitsa, ndipo linam'kanirira mpaka ku fakitale kumene ankasoka mayunifolomu. Koma m'mawa umenewo manja ankangoyenda okha, m'mutu muli zii.

Amayi akewo anali m'chipatala sabata yachitatu. Mutu unali utayamba kale kuwasokonekera, moti mwana wobereka okha ankamuitana kuti "anesi". Tsopano anali atakana chakudya masiku anayi. Namwino wamkulu ananena mosapsatira kuti likakwana Lachisanu asanadye, adzawalowetsa kachubu m'mphuno. Kachubu kameneko amayiwo ankakaopa kuposa imfa, chikaonereni pa malemu amuna awo. Phuma ankadziwa zonsezi, koma atamva anangogwedeza mutu. Chisoni sichinabwere, mantha sanabwere, ndipo ankadzidabwa yekha.

Poto wamagetsi, wophika pang'onopang'ono, anamupeza kuseri kwa mabeseni m'kabati ya amayi ake. Chaka ndi chaka amayiwo ankaphikamo jamu wa maapozi, ndipo buledi wopanda jamuyo sankamuyang'ana kawiri. Phuma sanakhalepo pansi kuti aphunzire. Iye yake inali yobwera ndi chikwama kudzanyamula mabotolo. M'potomo munali mthiko wakale wokhala ndi mzere wakuda chakunsonga. Anauchotsa n'kuuponya mu sinki.

Anathira maapozi, shuga ndi madzi a mandimu, n'kuvundikira bwinobwino. Kenaka anakhala pampando. Poto wotere safuna munthu. Sabwata, safuna kutakasa, amangoyatsa kagetsi kofiira basi. Phuma anayang'ana kagetsiko mpaka foni inalira. Anali mchimwene wake wamng'ono.

"Ndiye akuti mukuphika jamu, achemwali? Inu amene dzira lokha limakukanikani kukazinga?"

"Ndine ndemwe."

"Munthu akukana ndi tiyi yemwe. Mukungodzivutitsa."

"Ndamva."

Mchimweneyo anafunsanso: "Koma inuyo muli bwino? Mwalirako?"

"Sindinapeze mpata," anatero Phuma, n'kudula foni.

Patatha maola asanu ndi limodzi nyumba yonse inali kununkhira ngati kale. Atavundukula, madzi a pachivundikiro anachucha n'kubwerera m'poto. Anadontheza jamu pang'ono pa sosala, monga ankaonera amayi ake akuchita, n'kuipendeketsa. Jamu uja anayenderera mpaka m'mphepete. Anali madzi okhaokha. Koma nthawi yoonera odwala inkatha folo koloko, ndiye anangomuthira m'botolo momwemo, n'kulikulunga ndi thaulo.

Kuchipatala anawapeza amayi ake atagona choyang'ana kukhoma, mbale ya masana ili pakatebulo yosakhudza.

"Mwabweranso, anesi? Ine ndakhuta."

Phuma sanawatsutse. Anawadzutsa, kuwatsamiritsa pa pilo, n'kutapa jamu ndi supuni yaing'ono. Amayiwo anatseka pakamwa kuti gwa. Iye anangowapaka pang'ono pamilomo, monga amachitira ndi mafuta milomo ikauma. Panapita kanthawi. Kenaka lilime linatuluka, n'kunyambita. Nkhope yawo inachita tsinya.

"Waphika ndani zimenezi?"

"Ndine, amayi."

"Unavundikira."

"Eya, ndinavundikira."

"Nanga mthiko uli m'potomo umati ndi wa chiyani? Umaupingasa pakamwa pa poto, chivundikiro chikhale pamwamba pake, nthunzi izituluka. Apa wangophika madzi a shuga." Anatembenuka n'kumuyang'ana kumaso, maso ali gwa ngati kale. "Phuma iwe, udzamva liti?"

Miyezi isanu ndi iwiri inali itatha dzina limenelo lisanatuluke pakamwa pawo. Phuma anangoona m'maganizo mthiko uja uli mu sinki, ndi mzere wake wakuda pamene chivundikiro chinkakhala zaka zonsezi.

"Bweretsa kuno," anatero amayi ake. "Ndiye titaye maapozi onsewa chifukwa cha iwe?"

Anayasamula. Supuni yoyamba inalowa, yachiwiri inalowanso. Anaitanitsa buledi wa pambale ija kuti asunse, uku akudandaula kuti mandimu anachuluka. Namwino wamkulu anaima pakhomo, anayang'ana, n'kubwerera mwakachetechete.

Pofika pa supuni yachisanu, Phuma sankaonanso bwinobwino. Misozi inali itadzaza m'maso, jamu akudonthera pa nsalu yofunda.

"Taona, ukutaya," anatero amayi ake.

Anam'gwira pamkono ndi zala zawo zowonda zija, n'kuilondolera okha supuniyo kukamwa.